Kodi N'kusunga Kapena N'kuunjika?

Pa nyengo ya Khirisimasi yapitayi panagwa mlandu pamudzi pathu, kufupi ndi Kamwendo m'boma la Mchinji, ndipo popeza ine ndine mwini mbumba anandiitana kuti ndikauzenge. Sunali mlandu wa malire a munda kapena wa ukwati ayi. Unali wa makina akale a masewero a ana, amene mwana wa mlongo wanga anabwera nawo kuchokera ku Lusaka kumene ali kugwira ntchito. Poyamba ndinaseka, poyesa kuti nkhani yotere si yoyenera kuyalira mphasa anthu a imvi. Koma titaiyamba ndinaona kuti m'kati mwake mwabisala funso lakale ndithu, limene makolo athu analidziwa asanaone ndi wailesi yomwe. Funsolo ndi ili: kodi munthu alakwa akakhala ndi zinthu zambiri za mtundu umodzi zimene sazigwiritsa ntchito, nazitsekera kuti ena asazikhudze?

Mnyamatayo anadzera njira ya Chipata nalowa pa malire a Mwami. Anabweretsa shuga, sopo ndi chitenje cha amayi ake, ndiponso ndalama ya feteleza wobereketsa. Ndinena izi poyamba kuti wina asafulumire kumuyesa mwana wotaya abale. Koma panali sutikesi imodzi imene sanalole kuti ana amulandire. Nyumba imene achita lendi ku Lusaka idontha, ndipo akuba adalowamo kale kamodzi. Tsono anafuna kusiya chumacho kwa amayi ake, m'chipinda mosungiramo matumba a mtedza, ndi lamulo lakuti pasapezeke munthu wochikhudza. Ana, pomva kuti m'sutikesimo muli magemu, anachita khamu pakhonde. Iye anawakaniza. Wamng'ono analira, mayi wa wamng'onoyo nakwiya, mawu nakwera, ndipo nsima ya tsiku limenelo inadyedwa popanda wolankhula.

Ndiyambe ndafotokozera anzanga a msinkhu wanga chimene chinali m'sutikesimo, pakuti inenso anachita kundifotokozera kawiri ndisanamve. M'chaka cha 1988 kampani ya Sega ya ku Japan inatulutsa makina otchedwa Mega Drive, amene munthu awalumikiza ku wailesi ya kanema, nalowetsamo kakaseti, nayamba kuyendetsa tizithunzi ta pa galasi ndi zala zake. Ku Amereka makina omwewo anawatcha Genesis. M'mwezi wa Disembala 1991 eni ake anatulutsa makina ena ophatikiza ku oyamba aja, otchedwa Mega-CD, ku Amereka Sega CD, kuti masewero azichokera pa chimbale, pakuti chimbale chinyamula zambiri koposa kakaseti ndiponso chikhoza kutulutsa nyimbo ndi mawu a anthu. Mu 1994 anawonjezanso kena kozika pamwamba ngati bowa, kotchedwa 32X. Zophatikiza zimenezi pazokha sizichita kanthu konse. Zili ngati ngolo yopanda ng'ombe: ungaipake utoto, ungaithire girizi, koma popanda za m'goli siichoka pabwalo. Ndipo wofuna kuyatsa zitatu zonsezo pamodzi afunika mapulagi atatu, popeza chilichonse chikoka magetsi akeake.

Tsono mphwangayo anali ndi ng'ombe imodzi ndi ngolo zinayi. Yoyamba inali Mega-CD ya ku Japan ya 1991, yokhala pansi pa makina aakulu, imene thireyi yake ituluka yokha ngati lilime kudzalandira chimbale. Ziwiri zinali za mtundu wachiwiri wa 1993, zoika pambali, za chivundikiro chotsegukira m'mwamba, zonse ziwiri za ku Amereka. Ndinazitembenuza uku ndi uko osaona kusiyana kwake, kufikira iye anandilozera kapepala ka pansi pamene nambala ya imodzi ili ndi chilembo chowonjezera, nati za m'mimba mwake n'zosiyana. Yachinayi inali 32X ija. Ndipo anati mndandanda sunathe, akali kutali. Kuli Wondermega imene kampani ya Victor inapanga mu 1992, yophatikiza ng'ombe ndi ngolo m'thupi limodzi, yokhala ndi polumikiza maikolofoni kuti anthu aziimba. Kuli mbale wake wa ku Amereka wotchedwa X'Eye. Kuli Multi-Mega ya 1994, yaing'ono yonga buku. Kuli LaserActive ya kampani ya Pioneer ya 1993. Kuli ngakhale wailesi ya makaseti ya kampani ya Aiwa imene anaiikira makina omwewa. Anazitchula zonsezi monga mmene mkulu wa pamudzi atchulira mayina a mafumu amene analowa ufumu iye asanabadwe, osalumpha ndi limodzi lomwe.

Agogo ake, amene ali amayi anga, anakhala chete nthawi yonseyo ali kusenda mtedza. Pomaliza anafunsa nati, "Amuna anga, kodi zinthu zanuzi zigwira ntchito imodzi?" Iye anati, "Inde agogo, zitatuzi ntchito yake ndi imodzi." Iwo nati, "Nanga manja muli nawo angati?" Bwalo lonse linaseka, ndipo ambiri anayesa kuti mlandu wathera pomwepo.

Kunena zoona, funso la nkhalambayo ndi lolemera. Njala ya m'mimba ili ndi malire ake: munthu akakhuta asamba m'manja, ngakhale ndiwo ikhale ya nkhuku. Koma njala ya wosonkhanitsa ilibe pokhutira, chifukwa chimene iye achilakalaka si chinthu chili m'manja mwake koma mpata wotsala pa mndandanda. Tsiku limene phukusi lifika akondwa. M'mawa mwake maso ali kale pa dzina lotsatira. Ndipo popeza mafakitale anasintha kawaya apa, kachilembo apo, mtundu wa katoni uko, mipata siitha. Iye akatseka umodzi, anzake a pa intaneti amutulukira ina iwiri. Akale anati ichi chakoma icho chakoma, pusi anagwa chagada. Chodabwitsa china n'chakuti m'malonda amenewa chinthu chilemekezeka chifukwa cha kulephera kwake. 32X ija inatuluka pa nyengo imodzimodzi ndi makina atsopano a kampani yomweyo otchedwa Saturn, masewero ake anangokwana 40, ndipo pofika 1996 eni ake anali ataitaya. Kampani ya Nintendo nayonso inatulutsa chophatikiza chotchedwa 64DD kumapeto kwa 1999, ku Japan kokha, ndipo ogula anali ngati 15,000 basi. Zimene ana a nthawi imeneyo anazikana ndizo zimene akuluakulu a lero ali kulimbirana, osati chifukwa zinakoma, koma chifukwa n'zochepa.

Ndipo pamene pali kusowa, ndalama siichedwa kufika. Mu Malichi 2020, pa okushoni ya kampani ya Heritage ku Amereka, makina oyeserera amene Sony ndi Nintendo anapangira pamodzi asanayambane, olandira kakaseti ndi chimbale chomwe, anagulidwa ndi madola 360,000. Chaka chotsatira, mu Julayi 2021, kakaseti kamodzi ka sewero lotchedwa Super Mario 64, kosatsegula chipangire, kotsekeredwa m'bokosi la pulasitiki looneka m'kati, kanagulidwa ndi madola oposa miliyoni imodzi ndi theka. Taganizirani za kakaseti kameneko. Anakapanga kuti mwana akasewere; koma tsiku limene mwana adzakasewera, mtengo wake udzagwa ngati chipupa cha dothi m'dzinja. Mwini wake tsono ali kulipira kuti chinthu chisachite chimene anachipangira. Ine ndayesa kupeza dzina lokoma la mchitidwe umenewu, koma sindinalipeze.

Ndinali pafupi kugamula motero, koma mnyamatayo anapempha kuyankha. Ananjuta, naomba m'manja, nati, "Atsibweni, ndifunseko kamodzi. M'chipinda chimene ndapempha kusiyamo katunduyu muli mtedza wa mitundu ingati?" Apo bwalo linati zii. Pakuti amayi ake asunga Chalimbana wa njere zikuluzikulu amene akoma kukazinga, asunga CG7 wofiira wa mafuta ambiri, asunga Nsinjiro amene sagwidwa msanga ndi kadukutu. Ndipo agogo ake ali ndi kathumba kawokawo ka mtedza wa makolo, umene sagulitsa ngakhale venda abwere ndi mtengo wotani. Mlendo wa m'tauni anganene kuti mtedza ndi mtedza, wonse uthera mu nkhwani wotendera. Mlimi wa kuno adzangomuyang'ana mlendoyo namumvera chisoni. Ndipo taonani kufanana kwake: CG7 amene anatulutsidwa m'Malawi mu 1990 ndi mbewu yomweyo imene anzathu a kuseri kwa Mwami aitcha MGV4, dzina lochokera ku Msekera pafupi ndi Chipata. Mbewu imodzi, mayina awiri, malire pakati, monga Mega Drive ndi Genesis. Ku Chitedze, pa msewu wathu womwewu wopita ku Lilongwe, boma lili ndi nkhokwe ya mbewu za mitundumitundu zosungidwa mozizira, ndipo palibe munthu wanzeru amene atcha akatswiri a kumeneko anthu a umbombo. Kuona kusiyana pamene ena aona chinthu chimodzi si utsiru nthawi zonse; kawirikawiri ndipo pamene kudziwa kuyambira.

Tivomerenso kuti osonkhanitsa awa apulumutsa zina zimene eni ake enieni anazitaya. Kampani ipanga chinthu kuti igulitse. Malonda akatha itseka fakitale ndi kuiwala. Mu 1995 Nintendo inatulutsa ku Japan chophatikiza chotchedwa Satellaview, chimene chinkalandira masewero kuchokera mumlengalenga pa maola oikika, monga ife tilandirira pologalamu ya pa wailesi. Kuulutsako kunaleka mu Juni 2000, ndipo ambiri a masewero amenewo sanagulitsidwepo m'sitolo. Amene atsala lero anapezeka makamaka m'timakaseti tosungiramo ta anthu wamba, timene osonkhanitsa anatigula kamodzikamodzi, nakopera zimene mwini wake woyamba sanafufute. Bungwe la Video Game History Foundation linawerengetsa mu 2023, ndipo linapeza kuti pa masewero 100 aliwonse amene anatuluka ku Amereka chisanafike chaka cha 2010, okwana 87 sapezekanso pa malonda. Ngakhale kusiyana kwa m'mimba kuja, kumene ine ndinakuseka, nthawi zina kunena mbiri. Chophatikiza cha Nintendo cha 1986 chotchedwa Famicom Disk System chili ndi mitundu yofanana kunja, koma ya pambuyo anaisintha m'kati mwadala kuti anthu aleke kukopera masewero mwakuba. Wokhala ndi mtundu umodzi wokha sangadziwe kuti panali nkhondo yotere pakati pa wopanga ndi wogula. Adziwa ndi iye amene waika iwiri pamodzi naitsegula.

Pamenepa ndinazindikira kuti nkhalamba inali ndi mawu ndipo mnyamata anali ndi mawu, ndi kuti mlandu suli pa chiwerengero cha zinthu. Munthu angasunge makumi asanu nakhala wolungama. Wina angasunge chimodzi nakhala womana. Nkhokwe ndi manda zonse ziwiri zisunga chimene waikamo, koma nkhokwe ili ndi potapira. Tsono ndinabwereka fanizo lake lomwe ndi kumubwezera. Ndinati, Mphwanga, kodi mtedza wa agogo ako wakhala zaka zonsezi chifukwa cha kathumba? Iyayi. Wakhala chifukwa chaka ndi chaka autulutsa, naukwirira m'dothi mmene muli chiswe ndi mbewa, naukumbanso. Mtedza wogona zaka zingapo osadzalidwa uoneka bwino ndi maso, koma moyo wake unachoka kale. Ndi a ku Chitedze omwe, ngakhale ali ndi mafiriji, atulutsa mbewu zawo nthawi ndi nthawi nazidzala kuti apeze zatsopano. Ndipo agogo ako apatsako mnansi wopempha kambale kamodzi, podziwa kuti chaka chimene wawo udzapsa ndi dzuwa adzakaupeza kwa mnansiyo. Ndicho akulu anenera kuti kupatsa n'kuika.

Makina nawonso, ngakhale ali a chitsulo ndi pulasitiki, afa ali m'bokosi. Izi ndinazimva bwino pambuyo pake kwa mmisiri wina wokonza mawailesi pa Kamwendo. M'kati mwa makina a zaka zimenezo muli timigolo tating'ono tosunga mphamvu ya magetsi, timene amisiri atitcha makapasita. Tikakalamba tidontha madzi amene adya timizere ta mkuwa, ndipo tichita zimenezi kaya makina ali pa ntchito kaya ali chigonere. Lamba wa mphira wokoka thireyi auma, kapena asungunuka nakhala ngati phula. Wa Famicom Disk System uja atchuka ndi nthenda imeneyi. Kabatire kokumbutsa pamene wosewera analekezera nako kafa. Wotsekera sutikesi zaka khumi ndi lamulo lakuti pasakhudze munthu adzatsegula napeza mitembo inayi yovala bwino. Tikaonjezapo chinyontho cha dzinja la kuno, mphemvu ndi makoswe a m'chipinda cha mtedza, sipafunika ndi zaka khumi zomwe. Wosunga weniweni atsegula, ayatsa, asintha chimene chaola, nalemba chimene waona kuti wina adzawerenge. Makina a madola 360,000 aja, asanagulitsidwe, anali m'manja mwa bambo wina ndi mwana wake, amene anawapeza m'katundu wa kampani imene inagwa. Iwo analola mmisiri Ben Heckendorn kuwatsegula, ndipo pofika 2017 mbali yowerenga chimbale, imene inali yakufa, inayamba kugwira ntchito. Anayendanso nawo m'misonkhano kuti anthu awaone ndi kuwagwira. Chifukwa cha ichi dziko lidziwa lero chimene chili m'kati mwake.

Koma ndisanamize owerenga kuti fanizo la mtedzali liyenda bwino kufikira kumapeto. Litsimphina mwendo umodzi. Mtedza ukaudzala ubweza zambiri. Makina ukawayatsa achepa pang'ono tsiku lililonse. Diso lowerengera chimbale lili ndi maola ake, timano ta pulasitiki tiperepeseka, ndipo mafakitale amene ankazipanga analeka kalekale. Makina a ku Japan anapangidwira magetsi a mavoliti 100, pamene a kuno ndi 230. Mwana wolumikiza molakwa awapsereza asanadziwe ndi chimene wachita. Tsono mantha a mnyamatayo poona manja khumi ndi awiri onyowa ndi madzi a mango sanali achabe. Sindikhulupirira kuti chilungamo chifuna kuti chinthu chilichonse chosowa chiperekedwe kwa aliyense wolira. Injini yakale ya sitima yoyendera nthunzi imene ili pabwalo la nyumba yosungiramo zakale ku Chichiri mu Blantyre, palibe aipempha kuti ikoke mabogi. Ntchito yake tsopano ndiyo kuonedwa, koma taonani, ana a sukulu afika naiona. Ndiponso masewero ambiri a zaka zimenezo mwana akhoza kuwasewera lero pa foni kapena pa kompyuta, kotero sikuti popanda sutikesiyo ana asanduka amasiye. Chimene makina akale apatsa, chimene foni singapatse, ndi umboni: kulemera kwake m'manja, kulira kwa thireyi potuluka, kudikira kuti chimbale chizungulire. Nanga mboni yotsekeredwa m'chipinda, imene palibe aloledwa kuimva, ithandiza mlandu wa yani?

Panali kanthu kena kamene kanandivuta koposa zonsezi, ndipo ndinakasunga kufikira anthu atachepa pabwalo. Ndinamufunsa kuti, kodi pa zinayi izi ndi iti imene unasewera uli mwana? Anati palibe. Ine ndikumbukira bwino chimene anasewera, pakuti ndine ndinkamulondola ndi shamu madzulo kukamuchotsako. Dziko lathu linalibe nyumba yakeyake youlutsira kanema kufikira 1999, ndipo makomo okhala ndi wailesi ya kanema kuno anali owerengeka. Kwa mphunzitsi wina kunali kakanema ka zithunzi zakuda ndi zoyera koyendera batire ya galimoto, ndi makina a pulasitiki yopepuka ochokera ku China, obera mapangidwe a Famicom imene Nintendo inatulutsa mu 1983. Timakaseti take tinali tachikasu, tolembedwa kunja kuti muli masewero zikwizikwi pamene munali owerengeka obwerezabwereza, ndipo panali kamfuti kowombera abakha pa galasi. Pamenepo ndipo ana a mudzi wonse ankaunjikana kufikira batire itatha. Makina amenewo sali pa mndandanda wa mphwanga. Awatcha abodza. Mndandanda wakewo anaulemba ndi anthu a ku Tokyo, ku London ndi ku California, pokumbukira ubwana wawo. Iye ali kukhetsa thukuta kusunga chikumbutso cha ana a eni, pamene chake chinatayidwa kudzala. A ku Russia anakula ndi makina obera a mtundu womwewo otchedwa Dendy, a ku Poland ndi ena otchedwa Pegasus, ndipo lero awasonkhanitsa nalemba mbiri yake popanda manyazi. Athu a kuno, amene anafika m'zikwama za ochita malonda ndi m'katundu wa obwerera kuchokera ku Johannesburg, ali kutha osawerengedwa. Ngati cholinga ndi kusunga chimene chingatayike, monga iye ananenera pabwalo, makina a Sega ali ndi alonda ambirimbiri pa dziko lapansi, pamene kakaseti kachikasu ka pamudzi pathu kalibe mlonda. Ndipo ngati safuna kumva za iko chifukwa sikatchulidwa mtengo pa intaneti, pamenepo tidziwe kuti chimene ali kusunga si mbiri koma mtengo. Mawu amenewa anamupweteka. Ndinaona pa nkhope yake. Sanayankhe.

Unatulukiranso pambali mlandu wina. Imodzi ya ziwiri zofanana zija anaipeza kwa wogulitsa zakale pa msika wina ku Lusaka, naigula pa mtengo wa wailesi yakufa, iye ali kudziwa bwino chimene ili pamene wogulitsayo sanadziwe. Ine ndiganiza kuti anayenera kuwonjezapo kanthu, pakuti msika si malo otcherapo misampha. Iye aganiza kuti kudziwa kwake nakonso anakukhetsera thukuta, ndi kuti popanda iye chinthucho chikadathera kwa ogula zitsulo. Sitinamvane, ndipo ndiusiyira tsiku lina.

Chigamulo changa sichinakondweretse aliyense kotheratu. Ndinati m'chipinda cha mtedza simukhala manda a makina. Ya ku Japan ija, popeza ndi yosalimba, ndi 32X, ndi imodzi ya ziwiri zofanana, abwerere nazo nazipezere bokosi lachitsulo lotseka bwino, ndipo pobwera nazo kuno mwana wozikhudza popanda chilolezo adzaonana ndi ine. Koma mwini wake aziziyatsa pamaso pa onse, nafotokoze kusiyana kwake monga anafotokozera ine. Yotsalayo ituluke pamodzi ndi ng'ombe yake, itsale kuno. Mayi wa mwana wolira uja anati ndakondera mphwanga. Mphwanga anati ndamulanda. Anagona nazo masiku awiri osandilankhula. Tsiku lachitatu anakwera kabaza kupita pa Kamwendo atafukata katoni, ana anayi ali kuthamanga pambuyo. Mmisiri uja anatsegula, napeza kuti fyuzi inapsa kale ndipo makapasita awiri ayamba kudontha, zimene mwini wake sanazidziwe chigulire, pakuti anali asanaiyatsepo. Anawotcherera zatsopano, nafuna adaputa yoyenera magetsi a kuno. Madzulo a tsiku limenelo ana anasewera mosinthana sewero la 1993 lotchedwa Sonic CD, aliyense atayamba wasamba m'manja, mwini makina ataima kumbuyo kwawo ngati kapitawo wa pa esiteti.

Pa 3 Januwale anabwerera ku Lusaka ndi zitatu. Yachinayi ili kwa mmisiri, ndipo ana apitako Loweruka. Popeza ng'ombe yake inatsala kuno, wanditumizira uthenga kuti wagula ina, ndi kuti Genesis nayonso ili ndi mitundu itatu ikuluikulu, yachitatu ya 1998 yosalandira ngolo konse. Agogo ake atamva anangogwira pakamwa. Koma kumapeto kwa uthengawo anapempha kuti ndikafunse ngati makina a mphunzitsi uja akalipo. Sabata yatha ndinapita kwa mkazi wake wamasiye. Anafunafuna m'nyumba monse, napeza kamfuti kokha kopanda chingwe, kamene adzukulu ake aseweretsa pabwalo, ndi kakaseti kamodzi kachikasu kochirikiza mwendo wa tebulo. Anati ndidzakatenge ndikapeza kathabwa kolingana nako.